Oyilo Watsopano ndi Sefa ya Tiyi

Pa siteji ya Nkando, a Kingstone, mkulu wa kabaza ya njinga yamoto, ankanenerera sefa ya tiyi pomwe mayi wina wodikira minibasi anawaponyera funso.

"Bambo, sefa mpaka kugula nokha?"

"Ndi mlandu, mayi. Ndinagula oyilo watsopanoyu. Akuti muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tolowa pakati pa zitsulo kuti zisamadyane."

"Inu n'kukhulupirira?"

"Ine? Botolo lonse ndinalisefa pa sefa ya akazi anga kuti nditione."

"Munatipeza?"

"Olo kamodzi! Ndinangoitsuka n'kuibwezera mwakachetechete. M'mawa apongozi n'kusefera tiyi. Komatu ndili pachikamwini."

"Mayo! Nanga injiniyo?"

"Injini ili ziii, mayi. Phokoso lonse lasamukira kunyumba."