Mafupa a Alamu Afika ku Oldbury

Loweruka lina m'chaka cha 2006, Rhoda, namwino wa pachipatala china ku Birmingham, anayala tebulo m'holo ya tchalitchi ku Oldbury kuti alembe anthu ovomera kudzapereka mafuta a m'mafupa, chifukwa Chiso, mwana wa Temwani wa mumpingo mwawo, ankadwala khansa ya m'magazi ndipo womuthandiza anali asanapezeke. Asanakhale n'komwe pampando, pakhomo panatulukira alamu ake, a Albert, oyendetsa basi a ku Foleshill ku Coventry, ali wefuwefu ndi chijumbo cholemera m'manja.

"Mlamu, ndiike pati?" anafunsa a Albert.

"Chiyani, alamu?"

"Zija munalengeza Lamlungu." Anagwetsera chijumbocho patebulo, phi! "Musanditamande ayi. Ndangochita mbali yanga."

Rhoda anasuzumira mkati, n'kudumphira m'mbuyo. "Iii! Mafupa a ng'ombe?"

"A m'miyendo enieni. Ndalawirira kubutchala ya pa Foleshill Road, ndinamuuza mwini wake asankhe onona okhaokha. Taonani mmene adzadzira mkatimu."

"Mwakwera nawo sitima amenewa?"

"Sitima, kenako basi. Galu wina wandiperekeza kuchokera pa station mpaka pageti apo."

Rhoda anagwira m'chiuno. "Kodi Lamlungu lija munamva chiyani inu?"

"Munati aliyense amene angathe abwere Loweruka, mwana wa Temwani akufunika mafuta a m'mafupa."

"Nditatero ndinapitiriza."

"Apo ndiye ndinali panja. A ku depot anandiimbira za shift."

"Ndinati tikufuna anu."

"Awa ndi anga. Sindinabe."

"Anu a m'thupi mwanu, alamu!"

A Albert anayang'ana miyendo yawo, kenako anayang'ana kukhomo. Anabwerera phazi limodzi m'mbuyo.

"Mlamu, ine ndinakulandirani bwino m'banja lathu. Pa ukwati wanu ndi mng'ono wanga ndinavina mpaka nsapato kung'ambika. Lero mukufuna kundisenda?"

"Ndani wanena zosenda? Khalani pansi."

"Ndimva nditaimirira."

"Khalani."

"Ndakhala sabata yonse pachiwongolero."

Rhoda anakankha mpando ndi phazi mpaka unawagunda kuseri kwa mawondo. A Albert anakhala, koma pansonga penipeni pa mpandowo.

"Lero palibe fupa limene likhudzidwe," anatero Rhoda. "Timangolemba dzina, ndiye Rex, namwino mnzanga ali kuseri kwa katani uko, akutengani magazi pang'ono."

"Pang'ono bwanji? Kapu?"

"Kabotolo kakang'ono ngati chala."

"Chala chake chiti? Chachikulu?"

"Alamu!"

"Ndikufunsa, paja zala n'zosiyana."

"Chaching'ono. Akatero amakawayeza, n'kukusungani pa register. Ndiye mumangodikira mpaka atakupezerani match."

A Albert anadzuka njo. "Match? Mlamu, ine ndili pabanja! Deliwe akamva kuti ndinapita kutchalitchi kukalembetsa kuti andipezere match, ndikagona m'basi."

"Si match ya chibwenzi!"

"Anzanga a ku depot zimenezi amachita pa kompyuta. Wina anam'pezera mzimayi wa ku Stoke, mpaka lero akulira."

"Match ndi wodwala amene thupi lake likufanana ndi lanu."

"Wamimba chonchi?" Anasisita mimba yawo. "Ameneyo musam'patse mafuta ena. Ali nawo okwana."

Rhoda anatseka maso, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Kenako anawakoka jekete, a Albert n'kukhalanso.

"Kufanana kwa mkati. Kwa m'magazi. Ameneyo akapezeka, amakuitanani kuchipatala. Mwina amakulumikizani ku makina otenga zofunikazo m'magazi, mwina amakugonekani tulo n'kutenga pang'ono pafupa la m'chiuno."

"Ndiye ndidzuke wopanda kanthu mkati, ngati paipi?"

"Amabwereranso okha. Masabata ochepa basi."

"Amabwerera kuchokera kuti? Wodwala uja amabweza?"

"Thupi limapanga ena!"

"Ndiye ngati thupi limapanga lokha, bwanji la mwanayo osapanga?"

Rhoda anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma anaima. Anakhala pampando wake, mawu ake n'kutsika.

"Vuto lake ndi limenelo, alamu. La Chiso likupanga oipa. Akufunika a munthu wina kuti ayambirenso. Abale ake onse awayeza, palibe wofanana naye. Pa register anthu akuda tilipo ochepa kwambiri, ndipo amene angafanane naye kawirikawiri ndi munthu wa kwathu."

"Chiso wake uti? Uja amandikuwira kuti 'Uncle Bus'?"

"Yemweyo."

"Uja ndikamupatsa moni wa Chichewa amayankha kuti 'fine, thanks'?"

"Eya. Tsitsi lonse linathothoka. Koma akufunsabe ngati mudzamukweze pampando wakutsogolo, pamwamba m'basi yanu yosanja ija."

A Albert anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati ngati muli yankho. Kenako anavula jekete, anapinda mkono wa shati, anaweramanso n'kuyamba kukwinya thalauzi.

"Thalauzi mukulitani?"

"Fupa lalikulu lili kuno. Tengani lonse. Kulatchi ndizipondera mwendo winawu."

"Tsitsani thalauzi, muli m'nyumba ya Mulungu! Ndati lero ndi magazi okha." Rhoda anatola cholembera, akumwetulira koyamba tsiku limenelo. "Dzina ndikulidziwa. Matenda aakulu?"

"Palibe. Kungojona."

"Si matenda amenewo."

"Kafunseni Deliwe."

"Zaka?"

"Forte sikisi. Koma anthu amati ndimaoneka wa sate."

Cholembera chinaima. "Forte sikisi? Si paja munabadwa chaka chimodzi ndi achimwene anga?"

"Achimwene anu ndinkawanyamula kumsana ine."

"Mayo ine." Rhoda anaika cholembera pansi. "Alamu, pepani. Bungwe losunga register limalemba oyambira eyitini kulekeza forte."

"Ndiye?"

"Ndiye mwapitirira."

"Ndapitirira kupita kuti? Ndili pompano."

"Mwakula."

"Ndakula?" A Albert anamenya patebulo, mafupa aja n'kugubuduka m'chijumbo. "Mphindi zapitazi mumandikanikiza pampando ngati mbuzi yokawetedwa kwa eni! Tsopano ndavomera, mukuti mafuta anga ndi akale? Anaola? Munawanunkhiza?"

"Ndi lamulo lawo, si langa."

"Lembani sate naini."

"Sindinama."

"Lembani forte. Sikisi yo tidzakambirana."

"Ayi."

"Mafupa anga amadzuka folo koloko m'chisanu cha ku Coventry, osadandaula. Anyamata a ku yunivesite aja amadwala akangoona mitambo. Ndiye mukufuna awo, kusiya awa?"

"Awo ndi amene tikuwafuna. Ngati mukufunadi kumuthandiza Chiso, kawatengeni. Ali m'kitchini umo, abwerera tiyi ndi mandasi."

A Albert anaimirira, mwendo umodzi wa thalauzi udakali m'bondo, n'kulunjika kukitchini. "Gomezgani! Nathan! Siyani makapu! Aliyense wosakwana forte, pamzere! Munthu satuluka muno ndi magazi ake onse!"

"Alamu, mukuwaopseza!"

"Ndikuwalimbikitsa." Anyamata asanu anatuluka akutafuna, n'kundanda kukhoma mwamantha. A Albert anawawerenga ndi chala ngati okwera basi, kenako chalacho chinapitirira mpaka chinaima pa Rhoda. "Dikirani kaye. Inu muli ndi zaka zingati, mlamu?"

"Mzimayi safunsidwa zimenezo."

"Ine mwandifunsa pagulu. Zingati?"

"Sate foro."

"Eyitini, sate foro, forte." Anawerengera pa zala. "Muli mkati. Munalembetsa liti?"

Rhoda anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale. "Ine ndine wolemba."

"Sindinafunse ntchito yanu."

"Ndakhala wotanganidwa. Ma night, ana, kwaya..."

"Rex ali apo. Katani ili apo. Mwatalikirana ngati mphuno ndi mlomo."

"Ndidzapanga Lolemba kuntchito."

"Lero kwavuta chiyani?"

Rhoda anayang'ana anyamata aja, n'kuwerama, n'kunong'ona. "Jakisoni, alamu."

"Watani jakisoni?"

"Tsitsani mawu! Ndimamuopa."

"Inu? Mumabaya anthu tsiku lililonse!"

"Kubaya wina n'zina. Akaloza kwa ine, maso amachita mdima, miyendo imalobodoka. Pa training ndinagwa pamaso pa kalasi yonse."

A Albert anaseka mpaka kugwira khoma. Atapukuta misozi, anazungulira tebulo, anamudzutsa Rhoda mwaulemu ndi manja awiri, n'kukhala pampando wake. Anatola cholembera, anachinyambita kunsonga.

"Dzina?"

"Mukulidziwa."

"Matenda aakulu? Ndilemba kuti mantha."

"Musalembe zimenezo!"

"Anyamata, m'patseni njira namwino, ayambe ndiye kuti muonere chitsanzo. Rex! Konzeka, akubwera bwana wako!"

Rhoda anayang'ana katani ija, n'kupinda mkono wa bulauzi pang'onopang'ono. "Chabwino. Chifukwa cha Chiso. Koma mubwere mundigwire dzanja, alamu. Ndipo ndikakomoka, musakauze munthu."

"Osadandaula, mlamu," anatero a Albert akumutsogolera. "Mukagwa, ine ndikuwa kuti 'Aleluya', onse aziti mwadzazidwa ndi Mzimu."