Zitumbuwa pa Thabwa la Bambo Dyton

Mvula itavumba masiku awiri ku Kanyama, njira yopita pokwerera minibasi inasanduka mtsinje, ndipo powolokera panatsala pamodzi pokha: thabwa lalitali limene bambo Dyton anayala pa njerwa. Akuluakulu a m'dera anali atawaletsa kulipiritsa anthu, iwo n'kuvomera. Koma m'mawa umenewo ataona Namukolo, mayi wa kutsidya, akubwera ndi ndowa ya zitumbuwa pamutu, anacheuka kuyang'ana benchi imene akazi awo amagulitsirapo zitumbuwa. Utsi wa mbaula unali usanaoneke. Anatsimikiza mumtima kuti ndowayo siwoloka mpaka akazi awo atayamba kukazinga.

"Mwauka bwanji, ba Dyton? Ni zingati kuwoloka?"

"Mahala, mayi. Ngakhale ngwee sindilandira. Munthu awoloke." Anaponda thabwa ndi jombo. "Koma ndowa iime."

"Iyayi, ndowa iyi ni ya..."

"Muziyankha zimene ndafunsa basi. Zina zonse musunge."

"Chabwino," anatero Namukolo, n'kutula ndowa pa njerwa.

Bambo Dyton anali atagwirapo ntchito pa lole ya anyezi. Ankadziwa kuti masiku ano maiko salimbana ndi katundu wa anzawo pokweza msonkho. Amamwetulira, amakulandira bwino, kenaka amakufunsa pepala. Iwo anagonapo masiku asanu ndi anayi pamalire, osalipira kalikonse, mpaka anyezi anamera m'matumba.

"Katundu ameneyu wachokera kuti?"

"Kunyumba kwanga. Si apo, mukuonapo denga."

"Kuona si umboni. Palembedwe."

Namukolo anatulutsa pensulo ya nsidze m'chikwama, n'kulemba pachivundikiro. "Kwa Namukolo, kuseli kwa chigayo. Nalemba."

"Tsiku lopangira?"

"Lelo."

"Lembani."

Analemba kuti lero.

"Nanga mawa tikawerenga, tidzadziwa kuti lero lake ndi liti?"

"Ah, ba Dyton, mailo vizakhala vili m'mimba mwa anthu."

Bambo Dyton anatsokomola, n'kucheukanso. Utsi kunalibe. Makondakitala anali atayamba kuzungulira benchi ija ngati nkhuku zofuna madeya.

"Ufa wake ndi wa kuti? Mafuta? Shuga?"

"Fulawa ni ya pa shopu ya ba Nkole. Saladi sinidziwa. Niyende nikafunse?"

"Pitani!"

Bambo Dyton anakondwa, poganiza kuti apeza mpata wa theka la ola. Namukolo anaimba foni ali pomwepo, ndipo mphindi isanathe anali atalemba zonse pachivundikiro, mpaka dzina la mwini nkhuku imene inaikira mazira.

"Manje niwoloke?"

"Thabwa ili lili ndi muyezo. Limanyamula zitumbuwa khumi pa ulendo umodzi."

"Koma ba Mwaba apita apa na saka ya malasha."

"Makala ndi makala. Ife tikunena zitumbuwa."

"Oho." Namukolo anagwedeza mutu ngati waphunzira chinthu cha mtengo wapatali. Anayamba kuziika m'timapepala tapulasitiki, khumi khumi. Nthunzi inali kuthawa m'ndowa.

"Ndiponso zakula kwambiri," anatero bambo Dyton. "Tsidya lino chitumbuwa chovomerezeka chimalowa m'kapu iyi."

Namukolo anayesa chimodzi, chinakana. Anachiyang'ana, anayang'ana kapu, kenaka anachibenthula m'mbali mpaka chinalowa.

"Mukutani, mayi?"

"Nikonza size. Vonse nichite so?"

"Zonse!"

Anazibenthula zonse mosamala, lilime lili panja. Zibenthuzo anazisonkhanitsa pambale.

"Tsopano kuyeza chitetezo cha anthu. M'kapepala kalikonse ndilawemo chimodzi."

"Ni lamulo?"

"Lapadziko lonse."

Anadya choyamba. Kunena zoona chinali chokoma, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa. Anadya chachiwiri, chachisanu, chachisanu ndi chitatu, kenaka anamaliza ndi zibenthu zija kuti umboni usatayike.

"Vili bwanji?"

"Sitinganene msanga. Chochokera kunja chimayamba chadikira panja, tione ngati m'mimba mwanga simuvuta. Ola limodzi."

Namukolo anayang'ana nthawi pafoni, n'kukhala pa njerwa, manja pamiyendo. "Mukamva chilichonse muniuze, nilembe."

Anadikira. Zitumbuwa zinazizira, mafuta n'kuyamba kuyera pamwamba. Makondakitala anatopa, anapita kukagula mabanzi. Bambo Dyton anadzimva ngati msilikali amene wateteza dziko lake. Pakanapanda iwo, bwenzi msika wonse wa akazi awo utalandidwa.

Pomwepo kumbuyo kwawo kunamveka kukhuvula kwa madzi. Anali amake Mphatso, akazi awo, chitenje atachikwinyira m'mawondo, nkhope ili gwaa.

"Namukolo! Nakutumira foni six koloko kuti malasha yanga yanyowa, unikazingire vitumbuwa nigulitse pa benchi. Makasitomala onse ayenda! Uchita chani apa?"

"Niyembekeza m'mimba mwa ba Dyton, amake Mphatso. Kwasala ten minutes."

Bambo Dyton anatembenukira kwa Namukolo. "Mayi, bwanji osanena kuti ndi katundu wa kunyumba kwanga?"

"Munati niziyankha chabe vamene mwafunsa."

Namukolo anafotokozera amake Mphatso malamulo onse, limodzi limodzi. Iwo anavundukula ndowa. Anaona zitumbuwa zozizira, zobenthukabenthuka, kapepala kalikonse kali ndi zisanu ndi zinayi. Kenaka anayang'ana mafuta amene anali kunyezimira pandevu za amuna awo.

"Amake mwana, ndimateteza inu," anatero bambo Dyton ndi mawu aang'ono. "Tiyeni tikakambirane kunyumba."

"Ku nyumba kungena ni mahala, atate ake Mphatso, ngakhale ngwee sinizalandira," anayankha mayiwo akusenza ndowa. "Koma lamulo mwaika mweka. Chochokera kunja chiyamba chayembekeza panja."