Kubuula pa Tebulo la Adona

Pa siteji ya basi, mtsikana wogwira ntchito za m'nyumba anakhala atapinda manja. Pambali pake panali bambo wonyamula sowo.

"Bwanji mwakwinya nkhope m'mawa uno, achemwali?"

"Adona akuti ndine waulesi. Tebulo lawo ndimangolipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, kenako kouma. Akuti lero ndikalikweche ndi waya wotsukira mapoto, ndilithire madzi, apo ayi ndisabwerenso."

"Lonyezimira pamwamba, m'kati muli utuchi wopanikiza?"

"Lomwelo."

"Ine ndine kalipentala. Limenelo mukalikwecha limakalika, likamwa madzi limatupa. Silikonzekanso."

"Ndikudziwa, bambo! Nanga likatupa adzaloza ndani? Ine ndemwe. Ndikalisamala, ndine waulesi."

"Munawafotokozera?"

"Akuti wantchito saphunzitsa bwana."

"Ndiye kuti nkhani si tebulo. Akufuna kukuonani mutatopa."

"Nanga nditani?"

"Kapukuteni monga mwa masiku onse. Koma mukagwade pansi, muzibuula mokweza mpaka amve ali kuchipinda."

Mtsikanayo anayang'ana zikhato zake, kenako basi ija inatulukira.

"Zaka zitatu ndakhala ndikuphunzira kusamala katundu wawo," anatero chapansipansi, akuimirira. "Lero ndikaphunzire kubuula."