Khutu limene ndinagonthetsa chifukwa cha tirigu

Omvera anzanga, ndine mlimi wa tirigu wa ku Matandani kuno ku Neno.

Mwana wathu wamkazi atasiya kuyamwa anayamba kutsegula m'mimba kosalekeza. Mimba inatupa, miyendo n'kutsala mafupa okhaokha. Achemwali anga atamuona anati, "Achimwene, ili ndi tsempho. Alamu akuyenda ndi mwamuna wina."

Sindinafunse chilichonse. Mkazi wanga ndinamupeza akuchapa, ndinamugwira tsitsi n'kumumenyetsa mutu pamwala wochapira mpaka magazi anatuluka m'khutu. Ankangolira kuti, "Bambo a mwana, ndalakwanji?" Ndinamuthamangitsa, mwana n'kutsala ndi ine. Ndinkamudyetsa phala la tirigu ndi mandasi kuti anenepe, koma ankangofookerafookera.

Kuchipatala chachikulu atamuyeza, adokotala anati, "Tirigu ndiye akumuwononga matumbo mwanayu. Asadyenso buledi, mandasi kapena mabisiketi moyo wake wonse. Chimanga, mpunga ndi mbatata azidya."

Patangotha miyezi itatu, mwana anayamba kuthamanga. Abambo anzanga, wodwalitsa mwana ndinali ine, ndi tirigu wa m'munda mwanga.

Ndinapita kwawo kwa mkazi wanga kukagwada. Iye ananditembenuzira khutu lija ndinagonthetsa. Anati, "Pepesani kuno."