Tsiku Limene Anatembenuza Mabenchi M'tchalitchi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Sinza, mumzinda wa Dar es Salaam. Ndine Eliya Mbewe, kalipentala wokalamba. Kwathu ndi ku Dedza, ngakhale ndikukayika ngati kuli wina kumeneko amene angandizindikire lero. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene amishoni anachoka pampingo wathu, ine n'kutsala pang'ono kutulutsidwa m'nyumba pamodzi ndi mkazi wanga wodwala. Ndivomereretu kuti vuto limenelo ndinaliyambitsa ndekha, chifukwa ndine munthu amene akapatsidwa moni amayamba wadzifunsa kuti ameneyu akufuna chiyani kwa ine.

Ndinabwera kuno ndili wamng'ono, wopanda chiphaso chilichonse. Ntchito ya matabwa ndinaiphunzira ku Keko, m'mashedi momwe amisiri ambiri amagawana denga limodzi. Kumeneko ukamaliza mpando kapena tebulo umalemba dzina lako kunsi ndi pensulo, kuti wogula akabwera akulalata kuti mwendo waguluka, mwini ntchitoyo adziwike. Dzanja langa linazolowera zimenezo mpaka ndinkalemba osaganiza n'komwe. Amishoni atanditenga kuti ndikhale mmisiri komanso wosamalira malo a tchalitchi, banja lililonse linkagula matabwa a benchi imodzi, ine n'kupanga. Kunsi kwake ndinkalemba dzina la banjalo, langa ndi chaka, n'kupakapo vanishi. Anandipatsa kanyumba ka zipinda ziwiri mbali ya kumsewu, ndipo ana athu onse anabadwira mmenemo.

Abusa athu anali mzungu wamtali amene tinkamutchula kuti a Chipewa, chifukwa dzina lawo lenileni linkatipweteka lilime ndipo chipewa sankachivula pokhapokha polowa m'kachisi. Anali munthu wabwino, koma wokhulupirira kuti mawu a pakamwa ndi okwanira. Itafika nthawi imene kuno tinkaitcha ya ruksa, pamene boma linatsegula malonda, Sinza anasintha tikuona. Pomwe panali chinangwa panamera mabala ndi nyumba zogona alendo, ndipo aliyense wokhala ndi malo a m'mphepete mwa msewu anayamba kuyenda ngati mfumu. M'nthawi imeneyo ndi pamene a Chipewa analengeza kuti kwawo awaitana. Anati mpingo wakula, uyenera kudziyendetsa wokha, ndipo malo ndi katundu yense adzasiyidwa m'manja mwa akhristu eni ake.

Anthu anawomba m'manja. Ine sindinawombe. Ndinkayang'ana nkhope za akuluakulu ampingo kuti ndione amene wasangalala kwambiri, ndipo maso anga anagwera pa Mzee Lyimo, Mtanzania amene anali ndi sitolo ya misomali ndi penti, ndipo anali atangogula kumene galimoto yonyamula katundu.

Kuti malowo alembetsedwe kuboma m'dzina la mpingo, panafunika buku latsopano la akhristu onse, lokhala ndi dzina, siginecha ndi dziko lochokera. Achinyamata a lero simungamvetse mantha amene mzere wachitatuwo unatipatsa. Ife amene kuno amatitcha Wanyasa tinali titadutsa zaka zimene mayiko athu awiriwa sankaonana ndi diso labwino, ndipo tinaphunzira kuti wopanda mapepala amapulumuka pokhala chete. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa abale anga a ku Malawi, ku Sinza mpaka ku Kijitonyama, kuwauza kuti bukulo ndi msampha, likupita kwa oona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo Lyimo akufuna atichotse kuti agulitse malo. Umboni ndinalibe, koma ndinkalankhula ngati munthu amene waona ndi maso. Anandimvera, ndipo palibe banja lachimalawi limene linalemba.

Mtima unali m'malo chifukwa ndinkadziwa kuti mayi abusa anali ndi kabuku kawo kobiriwira momwe munali mayina athu tonse a mapemphero a Chichewa. Mabokosi a ulendo wawo ndinapanga ndine. Analongedza mabuku awo, ine n'kukhoma zivundikiro ndi misomali yaitali kuti zisatseguke panyanja. Ndinadzamva patapita miyezi kuti kabuku kaja kanalowa m'bokosi limodzi mwa amenewo. Dzina langa ndinalikhomera ndekha n'kulikweza pagalimoto.

Tsiku lotsanzikana a Chipewa anabwera kudzaona mkazi wanga, Nachisale, amene anali atagona chaka chathunthu mbali imodzi ya thupi itafa. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, “A Mbewe, nyumba iyi ndi yanu mpaka Ambuye adzakuitaneni. Ndawauza akulu ampingo.” Ndinathokoza ndikuwomba m'manja. Kwathu sungauze abusa kuti zimene mwanenazo tandilemberani papepala, ndi mwano. Komanso ine ndi pepala tinali pa udani.

Amishoni atapita, chithandizo chochokera kunja chinapita nawo. Abusa atsopano, bambo wachinyamata wa konkuno, anali ndi banja loti alidyetse, ndipo denga la tchalitchi linkadontha. Kunabwera munthu wamalonda amene anafuna kubwereka mbali ya kumsewu kuti amangepo timasitolo tondondozana timene kuno amati fremu. Mbali ya kumsewuyo inali nyumba yanga. Posakhalitsa ndinalandira kalata yochokera ku komiti, yonena kuti malinga ndi malamulo amene amishoni anasiya, pamalo a mpingo pamakhala akhristu olembedwa okha, ndipo dzina langa silikupezeka. Anandipatsa miyezi itatu. Pansi pa kalatayo panali masiginecha asanu, ndipo ine ndinaona imodzi yokha, ya Lyimo.

Ndinalibe kolowera. Mwana wathu wamkazi Esinati ankakhala m'chipinda chimodzi ku Keko ndi mwamuna wake ndi ana atatu. Atawerenga kalatayo analira, n'kundifunsa m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chiswahili kuti, “Baba, kwa nini simunalembe? Amayi tiwagoneka kuti?” Ku Dedza munda wa makolo anga unagawidwa kalekale. Ndinalemba kalata kwa a Chipewa, sinayankhidwe. Abale anga aja ndinawaletsa kulemba anayamba kundilambalala pamsewu, poti nawonso anali atauzidwa kuti alibe mawu pamisonkhano ya mpingo umene anaumanga ndi manja awo.

M'malo mogwada, ndinayamba ukazitape. Ndinkakhala pakhomo ngati ndikupala thabwa, maso ali kuchipata. Ndinamuona Lyimo akuyeza malo ndi tepi pamodzi ndi wamalonda uja. Kenako ndinaona china chimene chinandiwiritsa magazi. Pakati pa sabata, masana dzuwa likuswa mtengo, ankabwera yekha, n'kutsegula tchalitchi, n'kudzitsekera mkati. Ankatuluka patapita nthawi, mawondo a buluku lake ali mbuu ndi fumbi, m'manja muli kope la ana asukulu. Ndinati basi, tsopano akuwerenga mabenchi anga kuti awagulitsenso. Akandipatsa moni kuti, “Fundi, habari za kazi?” kutanthauza kuti mmisiri, ntchito ikuyenda bwanji, ndinkayankha ndi mphuno. Mkazi wake atabweretsa mpunga ndi nsomba kuti wodwala adye, ndinalandira ndi manja awiri, iye atangopotoloka ndinapatsa nkhuku. Ndikuchita manyazi kunena zimenezi, koma umboni wobisa zoipa zako si umboni.

Mapemphero anga a masiku amenewo anali oipa. Ndinkapempha kuti galimoto ya Lyimo ife panjira, kuti sitolo yake isaone wogula. M'mawa wina ndikumusambitsa, Nachisale anandiyang'ana nthawi yaitali. Lilime lake linali lolemera, mawu ankatuluka amodziamodzi. Anati, “Abambo a Esinati, ndimakumvani mukamapemphera. Simunapemphepo nyumba. Mumangopempha kuti munthu agwe.” Ndinaika beseni pansi, ndinagwada pambali pa bedi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinauza Mulungu zoona zake. Ndinati, Ambuye, ndanamiza abale anga, ndaopa pepala kuposa Inu, ndipo sindikudziwa koti ndimugoneke mayiyu. Ngati pali njira, ioneni Inu, ine maso anga aona adani okhaokha.

Palibe chinasintha sabata imeneyo. Ndinayamba kupempha makatoni m'masitolo.

Msonkhano womaliza wa nkhani ya fremu unachitika Lamulungu titaweruka mapemphero. Ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi abale anga ochepa amene analimba mtima. Nditaimirira kuti ndilankhule, mlembi anandiuza mwaulemu kuti pepani, Fundi, olankhula ndi a m'buku okha. Ndinakhala pansi. Pamenepo Lyimo anaimirira, kope lija lili m'manja, ndipo ndinadziuza kuti nayo nkhwangwa yomaliza.

Analankhula m'Chiswahili, mosakweza mawu. Anati, “Abale, kalata ija ndinasaina nawo, chifukwa lamulo linatero. Koma tsiku lina magalasi anga anagwera pansi pa benchi, ndipo powatola ndinaona chinthu. Ndikupempha nonse muimirire, mutembenuze mabenchi amene mwakhalira.”

Anthu anayang'anana, ena anaseka. Abusa anagwedeza mutu kuti chitani. Kunamveka phokoso la matabwa tchalitchi chonse, fumbi ndi akangaude zikubalalika, kenako anthu anayamba kuwerenga. Kunsi kwa benchi iliyonse, pansi pa vanishi wachikasu, kunali zolemba zanga. Matabwa, banja la a Phiri, wopanga E. Mbewe. Matabwa, banja la a Gondwe. Matabwa, mayi Nabanda ndi ana awo. Panalinso mayina a Atanzania, la Lyimo lomwe linalipo, onse osakanikirana monga tinkakhalira Lamulungu. Mayi wina wa mukomiti anapeza kuti zaka zonsezi ankakhalira benchi yogulidwa ndi banja limene ankati si la mpingo. Anagwira pakamwa.

Lyimo anakweza kope lake n'kunena kuti wakhala akukwawa pansi masabata atatu kukopera mayina onse ndi zaka zake. “Buku lathu ndi ladzulodzuloli,” anatero. “Ili la kunsi kwa mabenchi ndi lakale kuposa ambiri a inu. Ngati awa si akhristu a mpingo uno, tiwabwezere mabenchi awo, ife tizikhala pansi.”

Sindinganame kuti onse anakondwa. Panali mkangano wautali, ndipo Lyimo mwiniyo sanasinthe maganizo pa za fremu, ankazifunabe. Tsiku lija ndinamuona ndi tepi ankayesa ngati zingakwane mbali ina, pomwe panali galaja ya amishoni. Zinakwana zinayi m'malo mwa zisanu ndi chimodzi, wamalonda ananyinyirika koma anavomera. Msonkhano unagwirizana kuti aliyense wopezeka kunsi kwa benchi alembedwe m'buku, ndipo lonjezo la a Chipewa lilembedwe m'maminitsi.

Panatsala chinthu chimodzi, chimene ndinachithawa moyo wanga wonse. Mlembi anatsegula buku patebulo n'kundipatsa cholembera. Ndinawerenga tsambalo katatu, kufunafuna pobisala msampha, mpaka anthu anayamba kutsokomola. Lyimo anandiyandikira n'kunong'ona kuti, “Fundi, kundikayikira ine ndi ufulu wako, ndipo za mpunga uja nkhuku zako zinandiuza. Koma dzina lako lemba pamwamba, pomwe anthu akuona. Ine mawondo atopa.” Ndinalemba. Pamzere wachitatu ndinalemba kuti Malawi. Abale anga anandanda pambuyo panga mmodzimmodzi. Ndinadikira wapolisi mwezi wonse, sanabwere. Pambuyo pake abusa omwewo ndi amene anatiperekeza kukakonza mapepala athu okhalira m'dziko muno.

Ndinapita kusitolo kwa Lyimo kukapepesa, ndipo zitseko za fremu zinayi zija ndinapanga ndine. Kalata ya a Chipewa inafika zonse zitatha, yodzaza ndi madalitso ndi chithunzi cha zidzukulu zawo. Sindiwaimba mlandu. Anatisiyira mpingo, koma kukhulupirirana sakanatha kutisiyira, kumeneko tinayenera kuphunzira tokha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa kudzera mwa munthu yemwe ndinkamupempherera tsoka. Inu amene muli pamavuto, musaleke kugwada, ndipo pogwadapo nenani chimene chikukusowani, osati dzina la amene mukumuda. Khalidwe langa silinatheretu, mpaka lero munthu akandisekerera kwambiri ndimagwira thumba. Koma ndikayamba kuweruza, ndimakumbukira mawondo afumbi aja.

Nachisale anakhala nafe zaka zina zitatu. Anatsikira kuli chete m'mawa wina ali pabedi lake, m'chipinda chomwe anaberekera ana ake, zenera lili lotsegula, kwaya ikuphunzira nyimbo kutchalitchi. Bokosi lake ndinapanga ndekha, ndipo dzanja langa linapita lokha kukalemba kunsi. Ndinaima, ndinalitembenuza, n'kulemba dzina lake pamwamba. Amene analinyamula pagalimoto yake kupita nalo kumanda anali Mzee Lyimo.