Ndinalira Maliro a Eni Ake

Abusa, akulu a mpingo, azimayi anzanga, ndi nonse mwasonkhana muno m'Matero, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaimirira kuti ndichitire umboni, ndipo mundipirire, paja mumandidziwa, ine ndikayamba kukamba sindimva belu.

Mumandidziwa kuti ndine Nelesi, wolera mwana wa azungu kumayadi. Koma ndi ochepa akudziwa kuti ndili ndi mng'ono wanga, Esinati. Sindinkamutchula. Esinati anakwatiwa ndi Msilamu, telala wa ku Kanyama, ndipo adada anakwiya. Kwathu bambo timati adada, monga amanenera kumpoto kwa Nyasalande kumene makolo anachokera. Adada anakwiya, inde, koma ine ndinaposa mwini mkwiyo. Ndine ndinamuponyera zovala panja. Ine ndemwe, ndi manja awa! Anapita ndi mwamuna wake ku Dar es Salaam, nandilembera kalata imodzi. Sindinayankhe.

Adada atadwala matenda awo omaliza anandigwira dzanja nati, "Nelesi, ulembe kwa Esinati. Umuuze kuti ndinapsa mtima mopitirira. Ndi mwana wanga ndithu." Ndinavomera, iwo n'kumwalira. Abale, sindinalembe. Ngakhale za maliro sindinamuuze. Zaka zinayi mawu a womwalira ndinangowakhalira, uku ndikuimba pabenchi lakutsogolo ili, mawu pamwamba kuposa nonse. Mwamva, Amayi Busa? Pabenchi ili!

Manje mverani zimene Mulungu anachita. Ba dona amene ndimawagwirira ntchito anadwala, nafuna kupita kwa abale awo ku Nairobi, ndipo anati ndiwaperekeze kuti ndizinyamula khanda. Ine kukwera ndeke! Ine wochita chizungulire ngakhale pa lole! Nditamva kuti tikatsika kaye ku Dar es Salaam kudikira ndeke ina, usiku umenewo ndinafukula kalata ija pansi pa sutukesi, n'kuibisa m'chifuwa. Sindinganame kuti ndinali nditalapa, iyayi. Ndinangoopa chabe kuti ndeke ikagwa ndikawayankha chiyani adada.

Tinatsika m'mawa, kunja kukutentha kale, mphepo ikununkha mchere. Anati ndeke inayo inyamuka fo koloko. Ndinagwada pamaso pa ba dona, anthu onse akuona, kupempha kuti ndikafune mng'ono wanga. Anandiyang'ana nati, "Pita. Koma ikakwana fili koloko ukhale uli pano." Wonyamula katundu wina anawerenga keyala pa envulopu, nandikweza basi yopita m'tauni. Nyanja ija ndinaiona pawindo chabe, madzi opanda tsidya, koma mtima sunali pamenepo.

Ndinatsika mumsewu wa matelala, makina ali ngwerengwere m'makonde monse. Chiswahili sindidziwa. Ndinangoyenda khonde ndi khonde, "Esinati! Esinati!" Onse kupukusa mitu. Dzuwa linafika paliwombo, ine thukuta lokhalokha. Kenako mdala wina wa kapusi koyera analoza kalata, nandiloza ine, nafunsa kuti, "Dada? Dada?"

Ine n'kuti, "Iyayi bambo, adada anafa. Anafa!"

Abale, ndikanadziwa bwanji kuti kumeneko dada ndi mchemwali? Mawu akuti kufa okha ndiwo tinamvana. Mdala uja anagwira pakamwa, nati "Pole, pole," ndiye pepani wawo, n'kundigwira dzanja. Iye anamva kuti ndabwera kumaliro a mchemwali wanga. Ndipo tsiku limenelo kuseri kwa msewu kunalidi maliro a mayi wina.

Anandilowetsa m'bwalo lodzaza azimayi ofunda kumutu, atakhala pamikeka, ena akusisima. Nditaona zimenezo ndinati basi, Esinati wafa, ndachedwa ndi tsiku limodzi. Ndinadzigwetsa pansi. Ndinalira, abale, ndinalira kulira kwa kwathu kuno, kogubuduka, pamene eni maliro amalira mwaulemu. Ndinakuwa kuti, "Esinati mng'ono wanga ine! Adada anakuitana, ine ndinabisa! Ndine mfiti ine, ndinabisa mawu ako! Ndikauza yani manje?"

Eni maliro anasiya kulira, n'kuyamba kuonerera ine. Mukuseka? Sekani, nanenso ndimaseka lero.

Ndiye ndinangomva mawu kuchokera kumene amaphika: "Achemwali? Achemwali a Nelesi, mukulira yani?"

Nditakweza mutu, Esinati uyo, wamoyo, wonenepa, chipande chili m'manja! Anabwera kudzathandiza kuphika pamaliro a mnansi wake. Kumeneko amamutchula Amina, n'chifukwa chake dzina la Esinati panalibe wolidziwa. Aleluya! Ndikanafunsa molondola sindikanamupeza. Mulungu anatenga umbuli wanga nauyesa njira. Nenani Ameni!

Anandikokera kuseri kwa nyumba kuti tisachititse manyazi anamfedwa. Kumeneko ndinagwada, ine mkulu wake, n'kumuuza zonse: kuti adada anatisiya, mawu amene ananena, ndi zaka zimene ndinawabisa. Esinati anawalira adada, analira kwambiri. Ndinadikira kuti anditukwane, ndipo akananditukwana ndikanavomera. Koma atapukuta misozi anati, "Nenaninso mmene ananenera." Ndinanena. Anati, "Nenaninso." Ndinanena katatu konse, "Ndi mwana wanga ndithu." Pamenepo anandidzutsa nati, "Mwachedwa nawo, achemwali, koma mwafika nawo. Dzukani, mwadya?"

Kudya kwake kuti, nthawi itatha kale! Mlamu wanga, yemwe uja ndinkamutcha mayina oti sindingatchule m'nyumba ya Mulungu, anasiya makina ake n'kuthamanga kukapempha galimoto ya mnzake. Njira yonse ankangonditcha "alamu, alamu," ngati sindinamulakwirepo. Tinafika fili koloko itapitirira pang'ono, ba dona ataima pakhomo, khanda likulira. Atandiona maso otupa koma ndikuseka, anangondipatsa mwana.

Abale, ngati pali wina muno amene wasunga mawu a mwini, kaya ndi a wamoyo, kaya ndi a womwalira, akapereke lero. Si nonse mudzakwera ndeke.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso inu pondimvera. Koma sindinamalize. Dzana lija sitima inabweretsa mlendo kwathu. Dzulo tinapita limodzi kumanda a adada, ndipo lero anati andiperekeza, angokhala kumbuyo chifukwa si wa mpingo uno. Ndi uyo wafunda mpango wobiriwirayo. Esinati, imirira, usachite manyazi. Ndinakutulutsa anthu akuona, lero ndikukulandira anthu akuona. Uyu ndi mng'ono wanga, mwana wa adada ndithu.

Azimayi, mwakhaliranji chete? Nthungululu zili kuti? Kondwerani nane! Ameni.