A Gregorio Alfazema ndi Waya Wawo wa M'botolo

Anamalira nonse, amene tikuwaperekeza lero ndi bambo Gregorio Alfazema a kuno ku Bangwe. Anabadwa m'chaka cha 1938 kwa Ndamera, m'boma la Nsanje. M'banja mwawo anabadwa awiri okha: iwo ndi mng'ono wawo, a Januario.

Sukulu anaphunzira ya mishoni kwawo komweko, nalekeza sitandade sikisi. Aphunzitsi ankadandaula kuti mwanayu maso ali pa bolodi, makutu ali kumitambo.

Mu 1959 anakwera sitima. Anatsika pa Limbe kutada. Wowadziwa panalibe. Anagona pa siteshoni, pansi pa mawaya a lamya amene ankalira ndi mphepo. Kutacha anakapempha ntchito ya mawaya omwewo, ndipo anaigwira kunjanji mpaka kupuma mu 1993.

Mu 1964 anakwatira mayi Petronela, ukwati wa mu tchalitchi. Anali Mkatolika wosajomba ku limana, kagulu ka mapemphero ka akhristu a m'dera lawo. Kwaya ankaimba besi, ngakhale nthawi zina ankatsalira m'mbuyo, akumvetsera mvula padenga.

A Januario anawoloka malire kukakwatira ku Mozambiki. Kunabwera nkhondo. Mbiri yawo inazilala. Malemu anayenda m'misasa ya othawa nkhondo, ku Nsanje, ku Mulanje. Nkhope zambirimbiri. Ya mng'ono wawo ayi.

Nthawi ya chipani chimodzi ankaopa kusunga wayilesi yoyankhulira. Zinthu zitasintha, mu 1994, anatenga chiphaso nagula yakale, yomva ndi kuyankhula komwe. Anadzika mlongoti wa bulugamu kuseri kwa nyumba, namangapo eriyo. Madzulo aliwonse ankaitana mumlengalenga. Ankayankhidwa ndi anthu akutali, a m'mayiko a chisanu, a m'zombo za panyanja. Iwo funso linali limodzi: kodi alipo waona Januario Alfazema?

Wayilesi ina sakanaipeza. Choncho ankailera ngati khanda. Patsinde pa mlongoti anakhoma ndodo ya mkuwa, nakwirirapo makala ndi mchere, kuti mphenzi ikabwera ipeze njira yolowera pansi. M'chilimwe ankathirira ndodoyo kuti dothi lisaume. Aneba ankaseka, amvekere a Alfazema adzala chitsulo, tidzadya nawo chikabereka. M'nyengo yozizira sankatsegula wayilesi atavala juzi, ati timagetsi tothetheka pa juzi timapha zida zam'kati mwakachetechete. Ankayamba agwira mpopi, kuti timagetsito tithere pansi. Ndipo mitambo ikangoda paphiri la Bangwe, ankazula pulagi, kumasula waya wa eriyo, kuulowetsa m'botolo ndi kuliika panja. Kaya pali alendo. Kaya mawu ali pakati.

Mu Disembala 1995 wansembe wina wa ku Mocuba, ku Mozambiki, amenenso anali ndi wayilesi yotere, anayankha. Anati Januario ankamufunayo alipo, mwendo umodzi unapita ndi bomba lokwirira, koma ali moyo. Anati akamutenga kumudzi kuti Lamulungu masana adzayankhule yekha, tsiku limodzi lokha.

Lamulungu linafika. Ndi mitambo yomwe. Kumwamba kunada ngati kunsi kwa mphika, mabingu akuyandikira kuchokera ku Nguludi. Mayi Petronela, amene sankalowerera za wayilesi, tsiku limenelo anachonderera kuti abambo, lero lokha usiyeni wayayo, mlamu wanga angabwerere osakumvani. Malemu anayang'ana wayilesi. Anayang'ana kumwamba. Anamasula waya, nauika m'botolo. Anakhala pampando manja ali pamaondo, misozi ikutsika, nthawi ya pangano ikudutsa.

Mphenzi inagwa. Ambiri muli pano munaimva. Mlongoti unang'ambika pakati, botolo linaphulika, pabwalo panatsala fungo la chinthu chopserera. Wayilesi sinakhudzidwe. Ana m'nyumba osakhudzidwa.

M'mawa mwake aneba oseka aja anabwera ndi nsungwi. Anakweza waya wina. Malemu anaitana. Wansembe anayankha kuti mlendo sanachoke, mtsinje wadzaza, njira palibe. Kenako, mkati mwa kusokosera konga kwa mvula, munatuluka mawu a Chisena. A Januario anafunsa ngati akulu awo akalamba nkhope monga akalambira mawu. Malemu anaseka mpaka kutsokomola.

Kuyambira pamenepo ankacheza pafupipafupi. Za makolo, za nsomba za mu Shire, za maloto. Aliyense ankati chaka chamawa ndibwera. Mwendo unakaniza uyu, matenda anakaniza uyo.

Mu Novembala chaka chathachi malemu anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Sabata yatha, mvula ikugunda mazenera a wodi, anatsegula maso nafunsa ngati waya wachotsedwa. Mayi anati unachotsedwa kalekale, uli m'botolo. Anamwetulira. Sanayankhulenso. Anatisiya Lachiwiri, pa 13 Januwale 1998.

Kumwamba kutayera, mwana wawo Eliness anatulutsa waya m'botolo, naulumikiza monga ankaonera bambo ake. Uthenga wa maliro ano unapita ku Mocuba pa wayilesi yomweyo.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Petronela. Asiya ana anayi: Dominiko, Eliness, Henry ndi Anastasia. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiyanso mng'ono wawo, a Januario, amene akhala apo ndi ndodo zawo. Afika dzulo kutada pa galimoto ya mishoni. Bangwe sakumudziwa. Sanafunse njira kwa munthu. Anangoona nsungwi yaitali kuposa madenga onse, nati imani, pa achimwene ndi apa. Usiku wonse akhala pambali pa bokosi, akuyang'ana nkhope ya mawu aja. Akuti sinakalambe kwenikweni. Mawa mbandakucha abwerera kwawo.

Bambo Gregorio Alfazema, amene makutu awo anali kumitambo, apumule mu mtendere.